Mafunso Anu: Matailosi Okongoletsa Nyumba ndi Luso la Kayalidwe Kake

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno akukhudza matailosi. Ena achokera kwa anthu amene akumanga nyumba, ena kwa amisiri, ndipo imodzi yachokera kwa wophunzira masamu amene funso lake landitengera nthawi yaitali kuposa mafunso ena onse. Makalata ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Akonzi, ndinaona chithunzi cha siteshoni ya sitima ya ku Portugal imene makoma ake ndi okutidwa ndi matailosi oyera ojambulidwa ndi utoto wabuluu, ndipo pa makomawo pakuoneka anthu, akavalo ndi nkhondo. Kodi luso limeneli linayambira kumeneko? Nanga n'chifukwa chiyani amakonda kwambiri mtundu wabuluu? Ndine mayi amene ndikumanga nyumba.

Mayi, ndikukhulupirira kuti chithunzi chimene munaonacho ndi cha siteshoni ya São Bento ya mumzinda wa Porto, imene chipinda chake cholowera chili ndi matailosi pafupifupi 20,000 amene anajambulidwa ndi Jorge Colaço pakati pa chaka cha 1905 ndi 1916. Apwitikizi amatcha matailosi amenewa azulejo, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti dzinali linachokera ku mawu akuti azul, amene pa Chipwitikizi amatanthauza buluu. Koma dzinali linachokera ku mawu a Chiarabu akuti az-zulayj, kutanthauza kamwala kosalala, ndipo dzinalo likutiuza kale njira imene lusoli linadzera.

Kukuta khoma ndi dongo lootcha lonyezimira ndi luso lakale kwambiri kuposa dziko la Portugal. M'zipinda zapansi pa piramidi ya mfumu Djoser ku Saqqara, ku Egypt, imene inamangidwa zaka zoposa 4,600 zapitazo, munapezeka timatailosi tobiriwira tokutira makoma. Ku Babulo, mfumu Nebukadinezara wachiwiri inamanga chipata cha Ishtar cha m'ma 575 BC pogwiritsa ntchito njerwa zonyezimira zabuluu zojambulidwa nyama, ndipo chipatacho chinamangidwanso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Pergamon ku Berlin. Patapita zaka mazana ambiri, amisiri a m'mayiko a Chisilamu anakulitsa lusoli nalifikitsa ku Spain, kumene mzinda wa Seville unatchuka popanga matailosi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, mfumu Manuel woyamba wa Portugal inakongoletsa nyumba yake yachifumu ya ku Sintra ndi matailosi ochokera ku Seville, ndipo amenewo sanali abuluu ndi oyera okha, koma anali amitundu yambiri, okhala ndi mizere yopingasana ndi nyenyezi.

Buluu anadzafala mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Nthawi imeneyo anthu a ku Ulaya ankasirira kwambiri mbale ndi mitsuko ya ku China yoyera yojambulidwa ndi buluu, ndipo oumba a mumzinda wa Delft ku Holland anayamba kutsanzira maonekedwe amenewo. Apwitikizi anayamba ndi kuitanitsa matailosi kuchokera ku Holland, kenako amisiri awo anaitenga ntchitoyo n'kuikulitsa kufikira pojambula makoma athunthu a matchalitchi ndi nyumba zachifumu. Palinso chifukwa cha m'ng'anjo momwemo. Utoto wabuluu umachokera ku mwala wotchedwa cobalt, umene supserera ndi moto waukulu, ndiponso pang'ono pokha pamakwanira kutulutsa mtundu wowala, kuyambira wotuwira mpaka wakuda bii, malinga ndi mmene wojambula wausungunulira. Kuyera kwa pansi pake kumachokera ku chitsulo cha tin chimene amasakaniza m'chikutiro chagalasi chimene amapaka pamwamba pa dongo.

Chimene chimandigometsa pa ntchito imeneyi ndi chakuti wojambulayo amajambula pa chikutiro chosaotcha, chimene chimamwa utoto nthawi yomweyo monga dothi louma limwera mvula yoyamba, kotero kuti akalakwitsa mzere, kufufuta n'kovuta kwambiri. Komanso utoto wa cobalt umaoneka wotuwa usanalowe m'ng'anjo, choncho iye amajambula chinthu chimene sanachione, akudalira zimene manja ake anazolowera. Chithunzi chikatha, kumbuyo kwa tailosi iliyonse amalembako chizindikiro chosonyeza mzere ndi malo ake, kuti woyala asasokoneze.

Chivomezi chimene chinagwetsa mzinda wa Lisbon, likulu la Portugal, mu 1755 chinasinthanso lusoli, chifukwa pomanganso mzindawo panafunika matailosi ambiri mofulumira, ndipo m'malo mwa zithunzi zikuluzikulu anthu anayamba kukonda timaluwa tosavuta tobwerezabwereza. Ku nyumba yosungiramo matailosi akale ya ku Lisbon, imene ili m'nyumba yakale ya masisitere ya Madre de Deus, kuli chithunzi cha matailosi chotalika mamita pafupifupi 23 chosonyeza mmene mzindawo unkaonekera chivomezi chisanachitike.

Ndine wophunzira ndipo ndimakonda masamu. Ndaona kuti matailosi ambiri ndi a makona anayi, ena ochepa a makona asanu ndi limodzi ngati zisa za njuchi, koma a makona asanu sindinawaonepo. Kodi opanga sanaganizeko, kapena pali chimene chimaletsa?

Mwana wanga, chimene chimaletsa chilipo, ndipo mukhoza kuchitsimikizira nokha ndi pepala ndi sizasi. Paliponse pamene matailosi akumana, makona awo ayenera kukwana madigiri 360 osapitirira kapena kuperewera, chifukwa akaperewera pamatsala mpata, ndipo akapitirira tailosi imodzi imakwera pa inzake. Tengani tailosi ya mbali zitatu zofanana. Kona yake iliyonse ndi madigiri 60, choncho matailosi 6 akakumana malo amodzi amakwanitsa 360. Ya mbali zinayi zofanana ili ndi makona a madigiri 90, ndipo anayi amakwanira. Ya mbali zisanu ndi imodzi ili ndi makona a madigiri 120, ndipo atatu amakwanira. Tsopano ya mbali zisanu zofanana ili ndi makona a madigiri 108. Mukaika atatu mumapeza 324, n'kutsala mpata wa madigiri 36, koma mukaika anayi mumapeza 432, amene apitirira. Ndiye kuti mwa matailosi onse amene mbali zake ndi makona ake n'zofanana, mitundu itatu yokha ndi imene ingayale pansi payokha popanda kusiya mpata.

Amisiri anapeza kalekale njira yodutsira malire amenewa mwa kusakaniza mitundu iwiri kapena itatu. Tailosi ya mbali zisanu ndi zitatu ili ndi makona a madigiri 135, ndipo awiri akakumana amapanga 270, n'kusiya madigiri 90 amene katailosi kakang'ono ka makona anayi kamalowamo bwino lomwe. Umo ndi mmene kanabadwira kayalidwe kotchuka kaja ka matailosi oyera akuluakulu okhala ndi timadontho takuda pamakona. Makayalidwe osakaniza otere, amene pamphambano iliyonse pamakumana matailosi ofanana mwandondomeko yofanana, alipo 8, ndipo Johannes Kepler anawafotokoza mu 1619. Pambuyo pake, mu 1891, katswiri wa ku Russia Evgraf Fedorov anasonyeza kuti chojambula chilichonse chobwerezabwereza pamalo athyathyathya, kaya ndi pa khoma, pa nsalu kapena pansi pa nyumba, chimagwa m'gulu limodzi mwa magulu 17 okha, potengera mmene chimatembenukira, mmene chimasunthira ndi mmene mbali zake zimayang'anizana ngati pa kalilole. Zojambula zimene maso athu amaziona ngati zosawerengeka zili ndi mafupa a mitundu 17 basi.

Koma musataye mtima pa nkhani ya makona asanu. Ngati mulola kuti mbali kapena makona ake asakhale ofanana, matailosi a makona asanu amayalika, ndipo kayalidwe kena kotere kamatchedwa ndi dzina la mzinda wa Cairo chifukwa kamapezeka m'misewu ya kumeneko. Karl Reinhardt anapeza mitundu isanu ya matailosi otere mu 1918. M'zaka za m'ma 1970, mayi wina wa ku San Diego, Marjorie Rice, amene sanaphunzire masamu ku yunivesite, anapeza mitundu ina inayi akujambula kunyumba kwake ndi zizindikiro zimene anadzipangira yekha. Anthu enanso anapeza mitundu ina, mpaka mtundu wa nambala 15 unapezeka mu 2015, ndipo mu 2017 Michaël Rao anagwiritsa ntchito kompyuta posonyeza kuti palibenso wina woonjezera pa mitundu 15 imeneyi, tikamanena za matailosi a makona asanu opanda kona yolowa mkati.

Funso lina limene linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali linali lakuti kodi pali matailosi amene angayale pansi mpaka kalekale popanda chojambula chake kubwerezeka ndendende. M'zaka za m'ma 1970 Roger Penrose anapeza kuti matailosi a mitundu iwiri yokha, oyalidwa motsatira malamulo ake, amachita zimenezi. Panatsala funso lakuti kodi tailosi ya mtundu umodzi ingathe kutero, ndipo yankho linalengezedwa mu 2023, pambuyo poti David Smith wa ku England, munthu wopuma pantchito amene ankangokonda kudula ndi kuyala timapepala, anapeza tailosi ya mbali 13 imene anaitcha chipewa chifukwa cha maonekedwe ake. Akatswiri atatu a masamu ndi makompyuta anamuthandiza kutsimikizira kuti zinalidi choncho. Ndakutchulirani Rice ndi Smith mwadala, chifukwa onse awiri anayamba ndi funso longa lanuli.

Bambo mkonzi, ine ndine mmisiri woyala matailosi kwa zaka zingapo. Ndikaona zithunzi za makoma a mizikiti ndi nyumba zachifumu za ku Morocco ndi ku Spain, zokhala ndi nyenyezi zolukanalukana, ndimadabwa kuti ankakwanitsa bwanji popanda makina odulira. Kodi ankajambula pa matailosi wamba?

Bambo, ku Morocco sankajambula, ndipo mpaka lero amisiri a ntchito imeneyi, imene imatchedwa zellige, sajambula. Mtundu uliwonse umene mukuona pa khomalo ndi kachidutswa kapadera. Amayamba ndi kuumba matailosi a makona anayi, pafupifupi masentimita 10 mbali iliyonse, n'kupaka iliyonse chikutiro cha mtundu umodzi, n'kuiotcha. Kenako mmodzi amalemba pamwamba pake maonekedwe a tizidutswa tofunika, wina amatisema ndi nyundo yakuthwa konsekonse, ndipo amasema mopendeketsa kuti kumbuyo kwa kachidutswako kukhale kocheperako kuposa kumaso kwake. Chifukwa cha kupendeka kumeneko, nkhope za tizidutswato zimagundana kwambiri kutsogolo pamene kumbuyo kumatsala malo olowa matope omangira.

Gawo lovuta kwambiri ndi loyala. Mmisiri wamkulu amasanja tizidutswa tonse pansi chafufumimba, nkhope yake itayang'ana pansi, kotero kuti iye amangoona kumbuyo kwa dongo kopanda mtundu, ndipo ayenera kukumbukira kuti kobiriwira kali pati, koyera kali pati. Akamaliza amathira matope kumbuyoko, ndipo zikauma amadzutsa chigawo chonsecho n'kuchimata pa khoma. Ntchito yotere mungaione pa sukulu yakale ya Al-Attarine mumzinda wa Fez, imene inamangidwa pakati pa 1323 ndi 1325, komanso ku Alhambra mumzinda wa Granada ku Spain, nyumba yachifumu ya mafumu a banja la Nasrid amene analamulira kumeneko mpaka 1492. Wojambula wa ku Holland M. C. Escher anapita ku Alhambra mu 1922 ndiponso mu 1936, nakhala akukopera zojambula za pa makomawo, ndipo zimene anaphunzira kumeneko zinasintha ntchito yake yonse.

Nyenyezi zimene mukufunsazo zimachokera ku kampasi ndi rula. Mukajambula bwalo, n'kuligawa magawo ofanana, n'kulumikiza madontho ake, nyenyezi imatuluka yokha. Makona anayi awiri, amodzi atatembenuzidwa pa anzake, amapereka nyenyezi ya nsonga 8, ndipo mizere yake ikapitirizidwa imakumana ndi ya nyenyezi yoyandikana nayo. Popeza m'mizikiti simujambulidwa anthu kapena nyama, luso la amisiri linatsanulidwa pa mizere, masamba, maluwa ndi zilembo, mpaka linafika patali kwambiri. Mu 2007 akatswiri awiri, Peter Lu ndi Paul Steinhardt, anasonyeza kuti zojambula za pa kachisi wa Darb-i Imam ku Isfahan, ku Iran, amene anayamba kumangidwa mu 1453, zikufanana kwambiri ndi makayalidwe osabwerezeka a Penrose amene ndatchula pamwambapa.

Ku Turkey ndiko kumene ankajambuladi pa matailosi a makona anayi. Oumba a m'tauni ya Iznik, m'zaka za m'ma 1500, ankasakaniza dongo lochepa ndi mwala wa quartz wopera kuti tailosi ikhale yoyera ndi yolimba, ndipo ankajambulapo maluwa ndi masamba ndi utoto wabuluu, wobiriwira ndi wofiira wochindikala umene umamveka ngati katumphu ukaukhudza ndi chala. Mzikiti wa Sultan Ahmed ku Istanbul, womangidwa pakati pa 1609 ndi 1617, uli ndi matailosi otere oposa 20,000. Inu monga mmisiri, chimene mungatengepo pa onsewa ndi chakuti palibe mmodzi wa iwo amene ankakhudza matope asanamalize kuganiza za khoma lonse.

Ndikapita kogula amandiuza kuti awa ndi a ceramic, awa ndi a porcelain, awa ndi a simenti. Kwa ine onse ndi matailosi. Kusiyana kwake n'kotani?

Oyamba awiriwo onse ndi dongo lootcha, koma amasiyana pa dongolo ndi pa ukali wa moto. A porcelain amapangidwa ndi dongo losalala kwambiri, amapanikizidwa mwamphamvu, ndipo amaotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,200, kotero kuti amamwa madzi osapitirira theka la gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwake. N'chifukwa chake amayenera panja, m'bafa ndi malo oyenda anthu ambiri, ngakhale kuti ndi ovuta kudula ndipo amafuna guluu woyenerera, osati simenti wamba. A ceramic wamba amamwa madzi ochulukirapo, ndi opepuka ndiponso osavuta kudula, ndipo pa makoma amagwira ntchito bwino. Mukafuna kuyesa, donthezani madzi kumbuyo kwa tailosi. Ya ceramic imawamwa msanga, pamene pa porcelain amangokhala pamwamba.

A simenti saotchedwa konse. Amathira simenti yamitundu m'chikombole chachitsulo chogawidwa motsatira chojambula, n'kuwonjezera simenti wamba kumbuyo, n'kupanikiza ndi makina. Ndi okongola, koma amamwa mafuta ndi zothimbirira ngati sanapakidwe mankhwala otseka, ndipo mankhwala otsukira okhala ndi asidi amawadya. Pa bokosi la matailosi a pansi yang'anani zizindikiro ziwiri. Cha PEI chimasonyeza kupirira kwa chikutiro chake pa kupondedwa, ndipo nambala yaikulu ndi 5. Cha R, kuyambira R9 mpaka R13, chimasonyeza mmene tailosi imagwirira phazi, ndipo nambala ikamakwera kuterera kumachepa. Tailosi yonyezimira ngati kalilole ndi yoyenera pa khoma, koma pansi pa bafa ndi msampha, makamaka kwa ana ndi okalamba.

Akonzi, ndili ndi dandaulo. Mmisiri anandiyalira matailosi pabalaza, ndipo pasanathe chaka ena ayamba kulira ngati ng'oma ndikamayenda, awiri atukuka pakati pa chipinda, ndiponso pakhomo penipeni anaikapo tizidutswa topyapyala tosaoneka bwino. Iye akuti matailosi ndi amene anali oipa. Kodi akunena zoona?

Pepani kwambiri, mayi, chifukwa ndikudziwa mmene zimapwetekera kuona chinthu chimene munachisungira ndalama kwa nthawi yaitali chikuwonongeka. Sindinaone nyumba yanu, koma zizindikiro zitatu zimene mwatchulazo kawirikawiri zimaloza ku kayalidwe, osati ku matailosi.

Tailosi imalira ngati ng'oma pamene pansi pake pali mphako. Izi zimachitika mmisiri akaika guluu m'madontho, pamakona ndi pakati, m'malo mompaka ponseponse ndi chopakira cha mano chija chimene chimasiya timizere tofanana. Zimachitikanso akapaka guluu pamalo aakulu n'kuchedwa kuyala mpaka pamwamba pake patauma, kapena akayala pa fumbi. Pa matailosi akuluakulu guluu amafunika kupakidwa pansi ndiponso kumbuyo kwa tailosi imene. Kutukuka pakati pa chipinda kuli ndi chifukwa china. Konkire ndi matailosi zimafutukuka ndi kufupika mosiyana malinga ndi kutentha, ndipo konkire yatsopano imapitiriza kufupika pamene ikuuma, n'chifukwa chake amisiri osamala amaidikira masiku osachepera 28 asanayale. Ngati matailosi agundanitsidwa popanda mipata, ndiponso apanikizidwa ku khoma, mphamvu imeneyo imasowa kopita, ndipo amadzuka pakati ngati denga la tenti. Pamafunika mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pakati pa matailosi, umene umatsekedwa ndi simenti yosalala imene amisiri amaitcha grout, ndiponso mpata wina m'mphepete mwa makoma onse umene umabisika ndi matailosi a m'munsi mwa khoma. M'chipinda chachikulu kwambiri amasiyanso mzere wotsekedwa ndi zinthu zofewa kuti pansi pazitha kupuma.

Koma chimene chikundiuza zambiri ndi tizidutswa ta pakhomo tija. Tikusonyeza kuti mmisiriyo anayambira ku khoma limodzi n'kumangopita, osadziwa kumene adzathere. Makoma ambiri sakhala owongoka ndendende, ndipo amene amatsatira khoma amanyamula kukhota kwake n'kukufalitsa chipinda chonse. Woyala wabwino amapeza pakati pa chipinda, amakoka zingwe ziwiri zopingasana, amatsimikizira kuti zakumana pa madigiri 90 poyeza mamita atatu mbali ina, anayi mbali inayo, n'kuona ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita asanu, kenako amasanja mzere umodzi wa matailosi popanda guluu mpaka ku makoma. Akaona kuti kumapeto kutsala kachidutswa kochepera theka la tailosi, amasuntha mzere wonse ndi theka la tailosi kuti zidutswa za mbali zonse zikule. Ntchito imeneyi sitenga ola lathunthu, koma ndi imene imasiyanitsa pansi pokongola ndi pansi pongokutidwa. Ndaona matailosi wamba oyalidwa mosamala akuoneka bwino kuposa apamwamba oyalidwa mothamanga, chifukwa diso la munthu wolowa m'nyumba limayamba kutsatira mizere lisanaone tailosi payokha.

Gogodani pang'onopang'ono tailosi iliyonse ndi chogwirira cha sikuludiraiva, ndipo ikani chizindikiro pa imene ikulira. Mukatero muzule imodzi pamaso pa mmisiriyo. Ngati kumbuyo kwake kuli madontho a guluu kapena kuli koyera, nkhaniyo idzadziweruza yokha.

Ndinagula matailosi ena owonjezera a mtundu womwewo, koma nditayala ndaona kuti akusiyana pang'ono maonekedwe ndi oyamba aja. Kodi anandipusitsa?

Mwina ayi. Matailosi ootchedwa nthawi zosiyana amasiyana pang'ono mtundu ngakhalenso kukula, chifukwa dongo, utoto ndi moto sizifanana ndendende tsiku lililonse. N'chifukwa chake pa bokosi pamalembedwa nambala ya gulu limene anaotchedwera pamodzi. Gulani onse nthawi imodzi, onetsetsani kuti nambalayo ndi yofanana, ndipo poyala muzitenga m'mabokosi atatu kapena anayi mosinthanasinthana kuti kusiyana kulikonse kumwazike. Kusiyana kokonzedwa mwadala kumakongoletsa. Denga la Sydney Opera House, nyumba ya zisudzo ndi nyimbo ya ku Australia imene anaijambula Jørn Utzon ndipo inatsegulidwa mu 1973, lili ndi matailosi oposa 1,000,000 opangidwa ku Sweden ndi kampani ya Höganäs, ena oyera onyezimira, ena otuwira osanyezimira, kuti dengalo liziwala padzuwa popanda kuthobwa m'maso.

Chipinda changa ndi chaching'ono komanso chopapatiza. Kodi ndiyale motani kuti chioneke bwino, ndipo ndigule matailosi ochuluka bwanji?

Diso limatsatira mzere wautali, choncho matailosi aatali oyalidwa mopingasa chipinda amachionetsa chotakasuka, pamene oyalidwa motsatira utali wake amachionetsa ngati njira. Kuyala mopendeketsa pa madigiri 45 kumabisa kukhota kwa makoma, ndipo kayalidwe ka minga ya nsomba, kamene matailosi aatali amakumana mopingasana ngati malukidwe a dengu, kamapatsa chipinda moyo ngakhale matailosiwo akhale a mtundu umodzi. Pa khoma, kuyala ngati njerwa kunatchuka ndi masiteshoni a sitima zapansi za ku New York amene anatsegulidwa mu 1904 ndi matailosi oyera a mainchesi atatu m'lifupi ndi asanu ndi limodzi m'litali. Koma pa matailosi aatali a pansi musalumphitse ndi theka monga njerwa, chifukwa ambiri amakhala okhota pang'ono pakati, ndipo pakati pa imodzi pakakumana ndi nsonga ya inzake pamatuluka mlomo wopunthwitsa. Lumphitsani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Mtundu wa grout nawo ndi mbali ya chojambula. Wofanana ndi tailosi umabisa mizere n'kupangitsa pansi kuoneka ngati chinthu chimodzi, zimene zimathandiza chipinda chaching'ono, pamene wosiyana kwambiri umaonetsa mzere uliwonse pamodzi ndi cholakwika chilichonse. Malangizo anga ndi akuti m'chipinda chimodzi mukhale malo amodzi okha olankhula mokweza. Ngati pansi pali maluwa ambiri, makoma akhale chete.

Powerengera, chulukitsani utali ndi ufupi wa chipinda kuti mupeze masikweya mita. Sikweya mita imodzi imadya matailosi pafupifupi 11 a masentimita 30 mbali zonse, kapena pafupifupi atatu a masentimita 60. Onjezerani magawo 10 pa 100 ngati mukuyala mowongoka, ndi magawo 15 pa 100 ngati mukuyala mopendeketsa kapena mwa minga ya nsomba, chifukwa zodula zimachuluka. Bokosi limodzi lotsala musunge, popeza mtundu womwewo sudzapezeka mosavuta zaka zikapita.

Pambuyo pomanga ndatsala ndi mulu wa matailosi osweka amitundu yosiyanasiyana. Kodi ali ndi ntchito?

Ali nayo, bambo. Ku Barcelona, katswiri wa zomangamanga Antoni Gaudí ndi mnzake Josep Maria Jujol anakuta mpando wautali wokhotakhota wa ku Park Güell, paki imene inamangidwa pakati pa 1900 ndi 1914, ndi zidutswa za matailosi ndi mbale zosweka, njira imene kumeneko amaitcha trencadís. Ubwino wake ndi wakuti zidutswa zing'onozing'ono zimatsatira malo okhota kumene tailosi yathunthu singakhale, monga pa mpando wa konkire, pa mphika wa maluwa kapena m'mphepete mwa masitepe.

Yambani ndi kusankha zidutswazo mtundu ndi mtundu, ndiponso kupatula zochindikala ndi zopyapyala kuti pamwamba padzakhale posalala. Poswa zazikulu zikulungeni m'chiguduli ndipo muvale magalasi oteteza maso ndi magolovesi, chifukwa m'mphepete mwa chikutiro mumacheka ngati lumo. Jambulani chithunzi chanu pamalopo ndi choko, yambani ndi mizere ya m'malire, kenako dzazani mkati, ndipo yesetsani kuti mipata ya pakati pa zidutswa ikhale yofanana kukula ngakhale zidutswazo zikhale zosiyana. Pamalo pokhala kapena popondapo anthu, palani nsonga zakuthwa ndi mwala wonolera musanamate. Guluu akauma, patatha tsiku limodzi, pakani grout ponseponse, n'kupukuta ndi siponji yonyowa isanaumire pamwamba pa zidutswazo.